Lenzi imodzi yokha pokwera Mulanje: musankhe iti?

Tiyerekeze kuti mwafika pa Likhubula m'mamawa kusanatenthe. Ana amanga kale nsapato, wolondolera njira akudikira, ndipo m'chikwama mwanu muli madzi, ufa, ndiwo, zovala za mphepo komanso kamera imene achimwene anu adatumiza kuchokera ku Johannesburg. Kutsogolo kuli chitunda cha maola atatu kapena anayi musanafike kunyumba yogona ya ku Chambe.

Kamera zomwe galasi lake lakutsogolo limachoka n'kuikapo lina zimabweretsa funso lomwe foni ilibe: mutenge galasi liti? Galasi limeneli ndi lomwe timalitcha lenzi. Malenzi alipo amitundumitundu ndipo ena mtengo wake umaposa wa kamera yeniyeniyo. Kwa kholo lomwe likulipira fizi, kapena wodzipereka pa zaumoyo yemwe salandira malipiro, kugula lenzi yolakwika si nkhani yamasewera. Ndi ndalama yoti mwina simuipezanso chaka chino, komanso ulendo woti mwina ana anu sadzauyendanso ali pamsinkhu umenewu.

Ndineneretu maganizo anga. Ngati kamera yanu ili m'gulu la zomwe ambirife tili nazo, gulani lenzi ya zoom yoyambira pa 18mm kukafika pa 135mm kapena 140mm, yokhala ndi chipangizo chochepetsa kugwedezeka. Mukaiika pa kamera musaichotsenso mpaka mutatsika phiri. Koma musangondikhulupirira, tiyeni tione chifukwa chake.

Manambala a pa lenzi

Diso lanu limagwira ntchito mofanana ndi kamera. Kuwala kumalowera pa kagalasi koonekera ka kunja kwa diso, kumadutsa pa kamwana ka m'diso, kenako pa lenzi yachilengedwe yomwe ili kuseri kwake, n'kukagwera pa kansalu ka kumbuyo kotchedwa retina. Lenzi imeneyi ndi yomwe imachita ng'ala munthu akamakalamba. Ikakhala yabwinobwino imasintha kakhalidwe, imanenepa mukamawerenga nyuzipepala ino ndipo imaphwa mukayang'ana patali. Chomwe diso silingathe n'kukoka chinthu chakutali kuti chioneke chachikulu. Lenzi ya kamera imatha, ndipo manambala a mamilimita omwe amalembedwa pambali pake akunena za mphamvu imeneyi.

Nambala ikachepa, lenzi imaona malo otakasuka. Ikakula, imaona kachigawo kochepa koma kokulitsidwa. Kuti mumvetse bwino, imani pagolo la bwalo la mpira, muyang'ane golo linalo lomwe lili pamtunda wa mamita pafupifupi 100. Lenzi ikakhala pa 18mm, chithunzi chitenga malo a mamita 130 m'lifupi, kutanthauza bwalo lonse pamodzi ndi anthu oonerera mbali zonse ziwiri. Mukaipotokola kufika pa 55mm mutsala ndi mamita 43, omwe ndi pafupifupi bokosi lalikulu la penate. Pa 135mm mutsala ndi mamita 17, kabokosi kakang'ono ka goloboyi. Pa 300mm chithunzi chonse chidzadza ndi golo lokha, lomwe ndi lotalika mamita 7.32.

Masamu amenewa ndi a kamera za sensa ya mtundu wa APS-C. Sensa ndi kachipangizo komwe kamalandira kuwala mkati mwa kamera, retina yake tingatero. Kamera zambiri zomwe zimafika kuno, monga Canon 2000D, Nikon D3500 kapena Sony a6000, zili ndi sensa yotereyi. Pali zina zodula, za sensa yaikulu yotchedwa full frame, ndipo kwa izo lenzi yogwira ntchito yofanana ndi ya 24-200mm kapena 28-200mm. Kwa eni kamera za Olympus ndi Panasonic za sensa yaing'ono kwambiri, yang'anani 14-150mm kapena 14-140mm. Choncho musanapite kwa wogulitsa, dziwani kaye kuti sensa yanu ndi iti.

Anthu ambiri akamasankha lenzi maso awo amathamangira pa nambala yachiwiri. Akaona 300 amati iyi ndiye yamphamvu. Paphiri zinthu sizili choncho. Mukatulukira m'chigwa cha Chambe, thanthwe lalikulu lili chiimire kutsogolo kwanu, ana ali pakati pa udzu, mitengo ili chauko, chomwe mukufuna n'kuti zonsezi zilowe m'chithunzi chimodzi. Pa Dziwe la Nkhalamba simungabwerere m'mbuyo kuti mathithi onse akwane chifukwa kumbuyoko kuli miyala yoterera. M'kati mwa nyumba yogona, pomwe anthu azungulira moto, khoma lili pamsana panu. Malo onsewa akufuna 18mm. Lenzi yoyambira pa 55mm kapena 70mm, ngakhale itafika patali bwanji, idzakuchititsani manyazi m'malo amenewa.

Nanga bwanji osangotenga 18-55mm, yomwe kawirikawiri imabwera ndi kamera? Ngati ndalama palibe, itengeni ndithu. Ndi yopepuka, imalemera magalamu pafupifupi 200, ndipo masana imajambula bwino. Vuto lake lidzaoneka mwana wanu akatsogola mamita 50 n'kukaima pathanthwe, kapena mukafuna kudula kachigawo ka minda ya tiyi yomwe ili kumunsi kwa phiri. Pa 55mm mwanayo adzaoneka ngati nyerere. Pa 135mm nkhope yake idzadziwika. Kusiyana kwa 55 ndi 135 mudzakuona tsiku lililonse la ulendo, pomwe kusiyana kwa 135 ndi 300 mwina mudzakufuna kawiri kapena katatu basi.

Pali njira yosavuta yodziyesera nokha. Tsegulani zithunzi zomwe mudajambula kale ndi 18-55mm pa kompyuta, muone pomwe pamalembedwa tsatanetsatane wa chithunzi. Kamera imasunga nambala ya mamilimita ya chithunzi chilichonse. Mukapeza kuti zambiri zili pa 55mm, ndiye kuti lenziyo imakutherani musanakhutire, mukufunika yaitali. Mukapeza kuti zambiri zili pakati pa 18 ndi 35, sungani ndalama zanu, mugulire ana nsapato zabwino zokwerera phiri.

Chomwe mumataya

Palibe lenzi yochita zonse popanda mtengo wake, ndipo mtengowo uli pa manambala ena aja oyamba ndi f, monga f/3.5-5.6. Awa akunena kukula kwa bowo lolowera kuwala. Bowoli ndi lofanana ndi kamwana ka m'diso, komwe kamachepa kufika mamilimita awiri padzuwa ndipo kamakula mpaka pafupifupi 8 mumdima kwa munthu wachinyamata. Chosokoneza n'chakuti nambala ya f ikamakula bowo limachepa. Kuchoka pa f/2.8 kupita pa f/4 kuwala kumatsika ndi theka, ndipo kuchoka pa f/4 kupita pa f/5.6 kumatsikanso ndi theka.

Lenzi ya 18-135mm imatsegula mpaka f/3.5 ikakhala pa 18mm, koma mukaikokera pa 135mm imalekera pa f/5.6. Masana izi zilibe kanthu, dzuwa lathu ndi lokwanira. Madzulo, m'nkhalango yowirira kapena m'nyumba younikidwa ndi moto, kamera imakakamizika kutsegula nthawi yaitali kuti isonkhanitse kuwala, ndipo mwana akangosuntha pang'ono chithunzi chimachita chimbuuzi. Kalenzi kosakoka ka 50mm f/1.8, komwe ka Canon kamalemera magalamu 160 okha, kamalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10 kuposa f/5.6. Ojambula ena aluso amayenda ndi lenzi imodzi yotereyi, nthawi zambiri ya 23mm kapena 35mm, n'kumagwiritsa ntchito miyendo yawo poyandikira kapena kutalikira. Mumzinda njira imeneyi ndimaikonda. Panjira ya paphiri, pomwe kumanzere kuli thanthwe kumanja kuli phompho, miyendo ilibe kopita.

Ichi n'chifukwa chake ndatchula chipangizo chochepetsa kugwedezeka. Manja a munthu aliyense amanjenjemera pang'ono, ndipo mukangotha kukwera chitunda, mtima ukugunda, mukupuma mwawefuwefu, amanjenjemera kwambiri. Lenzi ikakoka chinthu imakulitsanso kunjenjemerako. Makampani amachitcha maina osiyanasiyana chipangizochi: Canon amalemba IS, Nikon VR, Sony OSS, Fujifilm OIS, Tamron VC. Zilembo zimenezi zikasowa pa lenzi yaitali, ndipo kamera yanu ilibe chake mkati, ine sindingaigule. Dziwani kuti chipangizochi chimakonza kugwedezeka kwa manja anu okha, osati kwa mwana yemwe akudumpha.

Chinanso, malenzi okoka kwambiri zithunzi zake zimafewerapo m'mbali komanso kumapeto kwa zoom, poyerekeza ndi malenzi osakoka. Pa foni, pa WhatsApp kapena pa chithunzi chotsukitsa choika mu alubamu, simungazindikire.

Nkhani si kulemera ayi

Mudzamva kawirikawiri kuti ubwino wa lenzi imodzi ndi kupepuka. Tiyeni tiike pasikelo. Canon EF-S 18-135mm IS USM imalemera magalamu 515. Nikon AF-S DX 18-140mm VR ndi 490, chimodzimodzi Fujifilm XF 18-135mm. Zatsopano za kamera zopanda kalilole mkati ndi zopepukirapo: Sony E 18-135mm ndi 325, Nikon Z DX 18-140mm ndi 315, Canon RF-S 18-150mm ndi 310. Tsono mukaphatikiza malenzi awiri otchipa a Canon, 18-55mm ndi 55-250mm, mupeza magalamu pafupifupi 580. Kusiyana kwake ndi 515 sikukwana ngakhale theka la kapu ya madzi. Zoona, pali malenzi a akatswiri monga 70-200mm f/2.8 omwe ena amafika kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo maondo anu adzawamva potsika. Koma kwa ambirife kulemera si chifukwa chenicheni.

Chifukwa chenicheni ndidachiphunzira movutikira. Ulendo wanga woyamba wopita ku Lichenya, mwezi wa Okutobala, ndidanyamula malenzi atatu ndili wonyadira. Udzu udali utapsa m'malo ena ndipo mphepo inkauluza phulusa. Ndidasintha lenzi kangapo panjira, kamera ili yasa. Nditafika kunyumba ndidapeza kuti zithunzi zonse za mitambo kuyambira tsiku lachiwiri zidali ndi timadontho takuda titatu, pamalo amodzimodzi. Fumbi lidali litakhala pa sensa. Zidandikumbutsa odwala omwe amabwera akudandaula za timadontho toyandama m'maso, tomwe timaoneka kwambiri akayang'ana kumwamba kowala kapena khoma loyera. Fumbi la pa sensa nalonso limabisala pa masamba ndi miyala, n'kudzaonekera pa thambo, makamaka bowo la kuwala likachepetsedwa kufika f/11 kapena f/16. Diso lili ndi misozi ndi zikope zolitsuka. Kamera ilibe, ndipo ngakhale zambiri zimagwedeza sensa kuti fumbi ligwe, lina limamatirira mpaka litapukutidwa ndi munthu wodziwa.

M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mdani ndi chiperoni. Nkhungu imatha kukuta phiri m'kanthawi kochepa, ndipo kutsegula kamera m'kati mwake n'kulowetsa chinyezi pamalo osafunika. Onjezerani kuti posintha lenzi mumafuna manja awiri ndi pokhazika chivindikiro. Ngati mukupita ku Sapitwa, nsonga yomwe ili mamita 3,002 pamwamba pa nyanja yamchere, chigawo chomaliza mumakwera mogwira miyala ndi manja. Dzanja limodzi n'lanu, linalo mwina likuthandiza mwana. Kamera izikhala m'chikwama kapena yomangirira pachifuwa, lamba atadutsa paphewa ndi m'khwapa, osati kulendewera m'khosi n'kumamenya miyala.

Ndiyeno pali nthawi. Gulu silidikira wojambula. Pomwe mukufufuza lenzi ina m'chikwama, nyani wadumphira kale kuseri, mtambo watseka nsonga, ndipo ana ayamba kufunsa kuti tifika liti.

Ngati ulendo ukupitirira mpaka ku Liwonde

Apa ndiye pomwe malangizo anga angasinthe. Njovu, mvuu za mu Shire ndi ng'ona zowothera dzuwa zimajambulika bwino pa 135mm mukakhala m'galimoto kapena m'boti. Mbalame ndiye ayi. Ngati mtima wanu uli pa nkhwazi ndi timbalame ta m'mabango, ganizirani 18-300mm. Ya Tamron, yomwe idatuluka mu 2021 ya kamera za Sony ndi Fujifilm, imalemera magalamu 620, pomwe ya Nikon ya f/3.5-6.3 ndi 550. Mudzalipira ndi kulemera, ndi kuwala kochepa kumapeto kwake, komanso ndi ndalama. Chomwe simuyenera kuchita n'kukwaniritsa kufupika kwa lenzi poyandikira nyama. Chithunzi chikachepa mutha kuchidula pa kompyuta, kamera za masiku ano za mamegapikiselo 24 zimalola zimenezi.

Lenzi yaitali imabweretsanso chiyeso china. Mukadutsa amayi othyola tiyi kapena ana akusamba pamtsinje, mutha kuwajambula iwo osadziwa. Inu odzipereka pa zaumoyo mukudziwa kale kuti kusikelo ya ana sitijambula mwana popanda chilolezo cha kholo. Panjira lamulo ndi lomwelo. Perekani moni, pemphani, ndipo akakana bwezani kamera m'chikwama.

Pogula, makamaka yakale

Malenzi ambiri omwe mungapeze ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, kaya pa Facebook kaya kudzera mwa achibale akunja. Choyamba onetsetsani kuti pakamwa pake pakugwirizana ndi kamera yanu. Dzina la kampani lokha silikwanira. Lenzi ya Canon ya EF-S imalowa pa kamera monga 2000D, koma pa kamera zatsopano za gulu la R imafuna adaputala, ndipo ya RF-S singalowe n'komwe pa 2000D. Ku Nikon nakonso malenzi a F ndi a Z ndi osiyana. Kamera za Nikon za magulu a D3000 ndi D5000 zilibe mota yawoyawo yolunjikitsira chithunzi, kotero zimafuna lenzi yomwe ili ndi mota mkati, monga yolembedwa AF-S. Ngati mukuitanitsa kwa m'bale, mutumizireni chithunzi cha dzina lonse la kamera yanu, osangoti ndili ndi Nikon.

Lenzi ikakhala m'manja mwanu, chotsani zivindikiro zonse ziwiri, muunike ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo uku mukuyang'ana chammbali. Tifumbi tochepa mkati si vuto, lenzi iliyonse ya zoom imapuma mpweya ikamakokedwa. Koma mukaona timizere toyera tonga ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku. Chimamera m'malo achinyezi ndi amdima, chimafalikira, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wosaoneka womwe amapaka pagalasi. Isiyeni ngakhale mtengo utatsika bwanji. Kenako iikeni pa kamera yanu, mujambule nyuzipepala yomatidwa pakhoma, kamodzi pa 18mm kenanso kumapeto kwake. Kulitsani chithunzicho muone ngodya zonse zinayi. Ngodya imodzi ikakhala yachimbuuzi zinazo zili bwino, mwina lenziyo idagwapo. Mvetseraninso ngati mota ikulira modabwitsa kapena ikusakasaka osaima.

Mukagula, chuku chomwecho chingakupezeni kwanu nthawi ya dzinja. Musasiye lenzi m'chikwama chonyowa kapena pansi pa bedi miyezi yathunthu. Iikeni m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabotolo a mankhwala ndi m'makatoni a nsapato, ndipo timapaketito tiziumitsidwa kapena kusinthidwa pakapita nthawi. Tisungeni kutali ndi ana aang'ono chifukwa tingawatsamwe. Galasi likada musafulumire kulipukuta ndi malaya kapena chitenje. Fumbi lathu lili ndi timchenga tomwe timakanda. Yambani mwalichotsa ndi kampira kopemerera mpweya, kenako mupukute ndi kansalu kofewa ka magalasi a maso.

Dzuwa ndi maso a ana

Paphiri aliyense amafuna chithunzi cha dzuwa likutuluka, ndipo ana amalimbirana kusuzumira m'kamera. Amene mudayatsapo pepala ndi galasi lokulitsira zinthu kusukulu mukudziwa zomwe lenzi imachita ndi dzuwa. Imasonkhanitsa kuwala konse pa kadontho kamodzi. Pa kamera zokhala ndi kalilole mkati, monga 2000D ndi D3500, kuwala komwe kwadutsa mu lenzi kumapita molunjika m'diso la yemwe akusuzumira pakawindo. Lenzi ikakhala yokokedwa n'kuloza dzuwa, retina imatha kupsa m'masekondi ochepa. Choopsa n'chakuti retina simva ululu, ndiye mwana salira ndipo sachotsa diso msanga. Vuto limadzaoneka patapita maola, akayamba kunena kuti pakati pa chilichonse chomwe akuyang'ana pali kadontho kakuda kapena kachimbuuzi, kapena kuti mizere yowongoka ikuoneka yokhota. Ambiri amapezako bwino pakapita masabata kapena miyezi, koma ena chilemacho chimatsala. Mwana akanena zotere mutatha ulendo, pitani naye kuchipatala akaonedwe ndi a maso.

Pojambula dzuwa gwiritsani ntchito sikirini yakumbuyo, lenzi ikhale cha ku 18mm, dzuwa lili m'munsi lisanawale kwambiri, ndipo musalozetse nthawi yaitali chifukwa sensa nayo imaonongeka. Mukakhala pansi kuti mudye, bwezerani chivindikiro. Kamera yosiyidwa pathanthwe itayang'ana kumwamba masana imatha kupsa mkati mwini wake akusenda nthochi.

Usiku, pomwe lenzi yanu ya f/3.5 ili yofooka, musataye mtima. M'nyumba zambiri za paphiri mulibe magetsi, kotero nyenyezi zimaoneka zambirimbiri. Khazikani kamera pamwala kapena pachikwama, lenzi pa 18mm, muiuze idikire masekondi awiri mukadina kuti dzanja lanu lisaigwedeze, ndipo itsegule kwa masekondi 15 kapena 20. Batire yapadera igone m'thumba la chovala chanu chamkati, chifukwa mu Juni ndi Julayi kumtundako kumazizira mpaka madzi kuyandikira kuundana, ndipo batire yozizidwa imatha msanga. Mukalowa m'nyumba yofunda kuchokera panja, kamera ikhale m'chikwama chotseka kwa mphindi 30 kuti galasi lisachite thukuta.